Madokotala Makumi Anayi

"Ine ndati mawa ndikupita nawo amayi ku chipatala cha boma, kaya mufuna kaya simufuna!" anatero Menuka akuponya chikwakwa pakhonde.

Bambo ake, omwe ndi achimwene anga a Jhalak, sanatukule n'komwe mutu. Ankamanga mitolo ya mpunga pabwalo, chingwe chili kukamwa. Atamaliza mtolo analavula n'kuseka.

"Chipatala cha chiyani? Amakowa amagona pamaso pa madokotala makumi anayi Lamlungu lililonse. Makumi anayi! Nduna ya boma ili ndi dokotala mmodzi, amako makumi anayi, ndipo olipidwa ndi iwowa. Onsewo amawagwira m'mimba, palibe wanenapo kanthu. Ndiye iwe wosoka mabulauzi waona chimene iwo sanachione?"

"Aja si madokotala, ababa. Ndi ana asukulu."

"Mwana wa njoka ndi njoka."

"Nanga bwanji akangotapa mpunga kawiri akuti akhuta? Bwanji mimba ikukula pamene mikono ikuonda mpaka zibangili zikuvuka zokha? Azakhali, inu simukuziona?"

Azakhaliwo ndi ineyo, Goma. Ndine wamasiye, ndipo nyumba yanga ndi ya achimwene zili pabwalo limodzi. Ndinali nditakhala pakhomo panga ndikusankha timiyala mu mphodza. Kuona ndinali nditaona kalekale, koma pakamwa panga panali polemera, poti amene anawapezera ntchitoyo alamu anga a Kaushila, amake Menuka, ndi ine ndemwe.

Ntchito yake ndi yonamizira kudwala. Ku koleji ya udokotala ya kutsidya kwa mlatho, kumene ana a anthu olemera amaphunzira, amalemba ife anthu wamba kuti ana aziyesera pa matupi athu. Amakuwerengera pepala mpaka uliloweze. Ine ndine mayi wa chifuwa cha miyezi itatu, ndimatsokomola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Alamu anali mayi wa zilonda za m'mimba. Mwana aliyense amapatsidwa mphindi zisanu ndi imodzi, belu likalira amatuluka, wina n'kulowa. Malamulo ndi awiri okha. Usanene chimene sichili papepala. Ndipo ukadwala zenizeni ntchito yatha, chifukwa amafuna thupi labwino kuti ana asasokonezeke.

Alamu anatulukira kukhola la njati yoweta atanyamula ndowa ya mkaka, dzanja lina likutsamira khoma.

"Mukukanganirana mimba ya ndani, mwini wake ndili pano? Ndi mpweya chabe uwu. Ndinadya nyama yambiri pa chikondwerero cha Dasain."

"Wamva?" anatero achimwene. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwini wake sakutsekula, iwe ukufuna kugumula khoma."

"Sakutsekula chifukwa akuopa kuchotsedwa ntchito! Inu mukudziwa, iwo akudziwa, tonse pabwalo pano tikudziwa. Dasain inapita liti? Nyama imakhala m'mimba mwezi wathunthu?"

"Tseka pakamwa! Mpunga uli m'munda, mbalame zikudya, iwe ukufuna tikagone pakhonde la chipatala masiku atatu kudikira kuti atiuze kuti ndi mpweya. Goma, tamuuza iwe mwanayu. Kodi ana aja sawagwira m'mimba amake?"

"Amawagwira," ndinayankha, maso ali mu mphodza.

Sindinaname, komanso sindinanene zoona, ndipo mpaka lero mawu amenewo amandiwawa. Kugwira amagwiradi, koma ndinkadziwa kagwiridwe kake. Zala zili pamimba, maso ali pa cholembera cha woyesa. Onse anauzidwa ndi anzawo a chaka cha patsogolo kuti ife ogona pamabedi aja ndife anthu abwinobwino, ndiye yankho analiloweza asanalowe m'chipinda: mimba ndi yofewa, palibe chotupa. Ena amalinena dzanja lisanafike n'komwe pakhungu.

Lamlungu lotsatira tinapita limodzi monga mwa nthawi zonse. Bedi langa ndi la alamu amangozilekanitsa ndi katani yobiriwira, choncho zonse za mbali inayo ndimazimva. Ana anadutsa khumi, makumi awiri, nyimbo yomweyomweyo. Kenako kunalowa kamtsikana kakafupi ka magalasi, kamene kanali katadutsa kale kwa ine n'kupepesa kuti manja ake ndi ozizira. Kanachedwa pamimba ya alamu kuposa anzake onse.

"Apa pakupweteka, amayi?"

Pepala limati ululu uli pamwamba, pansi pa chifuwa. Ndiye alamu anayankha za papepala.

"Ayi, mwana wanga, ndi kuno kumtunda."

"Apa, pansi pa mchombo, simukumva kanthu?"

"Ndi kuno kumtunda."

"Nthawi ikutha," anatero woyesa.

Kamtsikanako kanatsokomola pang'ono, kenako kananena m'Chingerezi mawu aja amene onse amanena. Belu linalira.

Masana tili pachipata kudikira riksho, njinga ya matayala atatu yonyamula anthu, kamtsikana kaja kanatipeza katavala chophimba pakamwa, kakucheukacheuka ngati kakuba.

"Amayi, kumanja pansi pa mchombo muli chinthu cholimba, chachikulu ngati papaya wosapsa. Pitani akakujambuleni. Musachedwe."

"Ndiye bwanji sunanene m'kati muja?" ndinakafunsa, mtima utandiwira. "Si ndiye ntchito imene ukuphunzira?"

"Azakhali, chaka chatha mnzanga ananena chimene sichinali papepala, anamulepheretsa kuti akupeka. Bambo anga anagulitsa munda kuti ndikhale pano. Chonde, musandiloze kwa wina aliyense."

Kanathamanga kulowa m'kati osatiuza ndi dzina lomwe. Mu riksho alamu anandigwira bondo.

"Alamu, musakauze anthu. Timalize kaye kukolola."

Ndinavomera ndi mutu. Tsiku lomwelo ndinamupeza Menuka pa mjigo n'kumuuza zonse.

Menuka sanafunsenso chilolezo cha munthu. M'mawa mwake anawakweza amake basi, ulendo wa maola asanu ndi limodzi kupita ku chipatala chachikulu cha boma, ndipo anabwerako tsiku lachitatu ndi envulopu yaikulu. Anaiika pamphasa pamaso pa bambo ake.

"Ndi khansa, ababa. Ili m'mbali mwa chiberekero. Dokotala wati ikanachotseka tikafulumira. Mwamwayi malo apezeka Lachiwiri, osati likubwerali koma linalo, poti amene anali patsikulo wamwalira akudikira. Tipite ndi anthu awiri opereka magazi, mankhwala ena tikagule tokha. Tikaphonya tsikuli, mzere wake ndi wa miyezi inayi."

Achimwene sanatsegule envulopuyo. Anadzuka n'kupita kukhola, ndipo anaima nthawi yaitali akusisita njati pamsana. Madzulo ake anatuma uthenga kwa wogula ziweto kuti abwere Loweruka la sabata lotsatira. Ndinawamvera chisoni, chifukwa munthu wouma mutu akathyoka amathyoka ngati mtengo wouma.

Lamlungu ndinapita ndekha ku koleji. A Dhakal, amene amayang'anira ife onamizira kudwala, anandifunsa kuti wa m'mimba ali kuti. Ine chitsiru ndinafotokoza zonse, ndikuganiza kuti mwina koleji ithandizapo, poti alamu anali atagona pabedi lawo zaka ziwiri osajomba. Ndinkayembekezera kuti bamboyo agwira pakamwa ndi chisoni. Koma anaweramira kutsogolo, maso atawala.

"Chachikulu bwanji? Chikugwirika ndi dzanja?"

Tsiku lotsatira anatulukira pabwalo pathu pa njinga yamoto, atamangirira thumba la malalanje kumbuyo. Zaka ziwiri zonsezo sankadziwa ngakhale dzina la mudzi wathu. Achimwene anawayalira mphasa yatsopano, Menuka anabweretsa tiyi wamkaka. A Dhakal analandira kapuyo ndi manja awiri, koma sanaifikitse pakamwa.

"Ndamva za matenda, bambo," anayamba. "Mtima unandiwawa. Mayiwa ndi athu, ndi a banja la koleji. Ndiye ndati, munthu wathu akagone pansi ku chipatala cha boma, komwe odwala atatu amalimbirana bedi limodzi? Ife tilipo?"

"Mulungu akudalitseni, bwana," anatero achimwene atagwirizitsa manja pachifuwa.

"Nkhani ili apa. Sabata la mawa tili ndi mayeso omaliza, a ana amene akutuluka kukakhala madokotala. Pa mayeso amenewa sitifuna onamizira okha, timafunanso odwala enieni, a chinthu chogwirika. Mayiwa abwere agone kwathu masiku atatu. Bedi loyera, chakudya katatu, malipiro owirikiza. Mayeso akangotha, dokotala wathu wamkulu awaona, zonse zichitikira komweko. Njati yanu isiyeni m'khola."

"Sabata la mawa ndi la opaleshoni," anatero Menuka ataima pakhomo. "Lachiwiri."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Ndi kusiyana kwa masiku ochepa chabe."

"Ndiye muwachite opaleshoni mawa, mayeso anuwo adzabwere pambuyo."

A Dhakal anamwetulira ngati akuyankha kamwana.

"Akachichotsa, ana agwira chiyani?"

Ngakhale nkhuku zinaoneka ngati zamva. Alamu anali atakhala kumapeto kwa mphasa, mpango uli kumutu, dzanja lili pamimba.

"Mwamva, ababa?" anatero Menuka. "Sakufuna amayi awa. Akufuna chotupa. Amayi ndi thumba chabe lonyamuliramo."

"Iwe, ulemu! Mlendo wabwera ndi chithandizo, ukumulalatira?"

"Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati ndi chithandizo alembe papepala. Alembe kuti tsiku lakuti, dokotala wakuti achita opaleshoni, asaine."

"Za mapepala ndi za akuluakulu," anatero a Dhakal. "Ine ndakupatsani mawu anga pamaso pa bambo anu. Kodi koleji yonse ija inganamize munthu mmodzi? Ku boma kuja mukudziwa amene akawang'ambe? Mwina ndi mwana wathu yemwe amene anatuluka chaka chatha. Kuno awagwira mphunzitsi wake."

Mawu amenewo anawalowa achimwene. Ndinaona mapewa awo akutsika.

"Menuka, tamva. Kuja n'kutali, sitidziwa munthu. Magazi akufuna a anthu awiri, ine ndi shuga wangayu sangandilandire. Njati ikapita, amako akabwera kuchipatala adzamwa mkaka wa chiyani? Kuno ndi pafupi, tizipita ndi chakudya chotentha."

"Mapanga awiri avumbwitsa, ababa. Tsiku tili nalo m'manja. Mukufuna tilitaye chifukwa cha malalanje?"

"Goma, iwe umawadziwa anthu amenewa. Ukuti bwanji?"

Kachiwiri anandiponyera ine, ndipo kachiwiri ndinalephera. A Dhakal ankandiyang'ana, ndipo ndinakumbukira kuti dzina langa lili m'buku lawo la Lamlungu. Wamasiye amadya kuchokera m'dzanja limene lamutambasukira.

"Chipatala chawo n'chaukhondo ndithu," ndinatero.

"Amayi!" Menuka anagwada patsogolo pa amake. "Mimba ndi yanu. Nenani inu."

Alamu anamusisita tsitsi.

"Njati ija tinailera kuyambira ili kamwana. Ndiyo idzakuperekeze ku ukwati. Masiku ochepa si kanthu, mwana wanga. Ndachinyamula miyezi yonseyi, ndilephere sabata limodzi?"

Menuka anatola thumba la malalanje lija n'kuliponya kukhola. Bambo ake anamumenya mbama, koyamba chikulireni. A Dhakal anaika kapu pansi, tiyi ali wodzaza, n'kunena kuti galimoto lidzabwera kudzawatenga.

Lachiwiri lija linadutsa tikupuntha mpunga. Palibe anatchula kuti ndi tsiku lanji, koma Menuka anakhala pa makina ake osokera tsiku lonse osaponda ngakhale kamodzi.

Galimoto silinabwere sabata limenelo. A ku koleji anati oyesa ochokera ku likulu sanafike, msewu wa kumapiri wagumuka. Sabata linalo anati mkulu wa koleji ali ndi ukwati wa mwana wake. Mvula ikakuona litsiro siikata. M'masabata awiri amenewo mimba ya alamu inadzaza madzi, inatupa ngati ya mayi wa miyezi isanu ndi itatu. Kugona chagada kunayamba kuwabanika. Achimwene anapita ku koleji kukapempha kuti mwina angowapopa madziwo kuti azipuma bwino. Anabwerako atanyamula timapiritsi m'kapepala.

"Akuti bwanji?" anafunsa Menuka.

"Akuti tipirire pang'ono. Akuti madziwonso ana ayenera kuphunzira kuwamva."

Anazinena maso ali pansi. Menuka anangowayang'ana mpaka anatuluka.

Mayeso anachitika sabata lachitatu. Nanenso anandiitana ndi chifuwa changa chabodza, ndipo anatigoneka moyandikana ngati kale, katani yobiriwira ili pakati. A Dhakal anawachenjeza alamu asanayambe.

"Mayi, lero pepala palibe. Koma musawauze dzina la matenda, musatchule zoti munajambulidwa. Apeze okha."

Ndipo anapezadi. Mulungu wanga, mmene anapezera! Mwana aliyense ankati akalowa, ndinkamva mawu ake akukwera ndi chimwemwe, ngati munthu amene watola ndalama panjira. Ankagogoda pamimba, ankaitembenuza uku ndi uku kuti amve madzi akuyenda, ankakanikiza chotupacho kuti adziwe malire ake. Alamu ankabuula, ndipo woyesa ankati, "Mwaona? N'chopweteka. Lembani." Ena ankabwera ndi anzawo nthawi yopuma kuti angogwirako, poti chotere sichipezeka kawirikawiri. Masiku atatu, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ine mbali ino ndinkatsokomola, misozi ikutsikira m'makutu, ndipo mwana wina anandiyamikira kuti ndimachita bwino ngati zenizeni.

Tsiku lachitatu chakumasana alamu anaphwanya lamulo. Kunali kutalowa mnyamata wa mawu ofatsa. Atamaliza kufotokozera woyesa m'Chingerezi, ndinamva alamu akunong'ona.

"Mwana wanga, wachiona. Tandiuza m'chilankhulo chathu. Ndichira?"

Mnyamatayo ananena mawu amene onse amaphunzitsidwa kunena wodwala akalira, omwe ali ndi malikisi ake papepala la woyesa.

"Ndikumvetsa nkhawa yanu, amayi."

Ndinamva cholembera chikuchonga. Belu linalira, ndipo mnyamatayo anathokoza woyesa n'kutuluka.

Dzuwa litapendeka kunabwera dokotala wamkulu uja, wa imvi, wonunkhira mafuta abwino. Achimwene ndi Menuka anali ataloledwa kulowa. Iyeyu yekha ndiye anagwira ngati munthu wofunadi kudziwa, maso atatsinzina. Anayang'ana zithunzi za mu envulopu ija, anafunsa tsiku limene zinajambulidwa, nkhope yake n'kusintha. Analankhula mwaukali kwa a Dhakal m'Chingerezi, analemba kalata, n'kutuluka osatiyang'ana.

"Opaleshoni ndi liti, bwana?" anafunsa achimwene.

A Dhakal anapereka kalatayo pamodzi ndi envulopu ya malipiro. Menuka analanda kalata n'kuwerenga, milomo ikuyenda.

"Akutitumiza ku chipatala cha boma. Komwe kuja."

"Koma bwana, munati zonse zichitikira kuno."

"Ndinati dokotala wamkulu awaona, ndipo wawaona," anatero a Dhakal akusonkhanitsa mafayilo. "Akuti pamene zafikapa kuno tilibe zipangizo zake. Ine si dokotala, bambo, ine ndine wa mayeso. Ndipo musaiwale kuti mayiwa anabisa matenda kwa miyezi. Wina akanawalanga, ine ndawapatsa malipiro owirikiza."

Achimwene anavula chipewa chawo, anagwada n'kugwira mapazi a munthu uja, bambo wa zaka makumi asanu ndi mphambu kugwira nsapato za mwana wamng'ono kwa iwo. Ankangoti, "Bwana, munalonjeza pabwalo panga." A Dhakal anabweza mapazi awo pang'onopang'ono, n'kuitana mlonda kuti atithandize kunyamula wodwala, poti chipinda chinkafunika kutsekedwa.

Njati inagulitsidwabe. Anaitenga Loweruka lomwelo, pamtengo wa munthu wofulumira. Ku chipatala cha boma dokotala uja anamukalipira Menuka pamaso pa anthu.

"Ndinakupatsani tsiku! Anthu akumudzi inu mumayamba mwapita kwa asing'anga, mukabwera kuno zinthu zitaola. Munali kuti mwezi wonsewu?"

Anawajambulanso. Khansa inali itafika m'chiwindi. Anapopa madzi, anapereka mankhwala oletsa ululu a masabata atatu, n'kunena kuti apite nawo kunyumba akadye chimene mtima wawo ukufuna.

Kunyumba tinawakhazika pakhonde potsamira matumba a mpunga watsopano, kuti aziwothera dzuwa, poti kuzizira kunali kutayamba. Achimwene anasiya kupita kumunda. Ankakhala pafupi ndi mkazi wawo akuwasenda lalanje limene sakanadya. Menuka sankalankhula nawo bambo akewo, ndipo inenso ankandidutsa ngati mtengo. Sindinamudandaule.

Ine ku koleji ndinapitabe. Ndinadzitukwana njira yonse, koma ndinapita. Nditamaliza kutsokomola, a Dhakal anandiitanira pambali.

"Mayi aja ali bwanji?"

"Akufa," ndinayankha.

"Pepani kwambiri." Anakanda chibwano. "Mukudziwa, oyesa a ku likulu anayamikira kwambiri. Tsono pali ana khumi ndi awiri amene analephera mbali zina, abwereza mayeso pakatha masabata awiri, Lachinayi. Ndi tsiku limodzi lokha. Mukuona kuti mayiwa angafike?"

Ndinafuna kumulavulira kumaso. M'malo mwake ndinati ndikafunsa. Njira yonse ndinalumbira kuti sindikanena, koma alamu anandiwerenga pankhope nditangokhala pansi.

"Wakutumani chiyani?"

Ndinawauza, Menuka ali pomwepo akuwapaka mafuta kumapazi.

"Munthu ameneyo akaponda pabwalo pano ndimudula ndi chikwakwa!" anakuwa Menuka. "Azakhali, manyazi mulibe? Munawapereka kamodzi, mukufuna muwaperekenso? Mtembo wawonso mudzawapatsa?"

"Usawanyoze azakhali ako," anatero alamu, mawu ali apansipansi. "Njala ndi imene inatigoneka pamabedi aja tonse awiri."

"Simupita, amayi."

"Mankhwala aja atsala angati m'botolo?"

Menuka anapitiriza kuwapaka mafuta kumapazi.

"Akatha, ndidzakuwa. Ukudziwa mmene ndinakuwira tsiku lija anachedwa. Sindifuna uzidzandikumbukira ndikukuwa. Njati palibe, mpunga uwu ndi wodya inu chaka chonse. Chimene chatsala chogulitsa panyumba pano ndi ichi." Anaika dzanja pamimba. "Alamu, kawauzeni kuti ndibwera. Atumize galimoto, riksho sindingathe."

Achimwene anadzuka, lalanje lili m'manja, n'kukalowa m'khola lopanda kanthu lija. Tinawamva akulira.

Alamu anamwalira Lachinayi lomwelo kum'bandakucha, ali m'manja mwa mwana wawo. Mankhwala anali atatha masiku awiri m'mbuyo, ndipo za masiku awiri amenewo sindinena.

Dzuwa litakwera pang'ono, amuna a m'mudzi anali pabwalo akumanga nsungwi zaziwisi zonyamulira thupi kupita kumtsinje, kumene timawotchera maliro. Akazi tinali titawaveka sari yawo yofiira, nsalu ya mkazi wapabanja, ndipo achimwene anali atawapaka ufa wofiira wa ukwati pamphumi komaliza. Ndi pamene tinamva hutala kumsewu. Galimoto loyera la koleji linalowa m'kanjira kathu likupewa maenje, n'kuima pafupi ndi mjigo. Dalaivala anatsika ndi kapepala m'manja.

"Pa Kaushila ndi pano?"

Anayang'ana nsungwi, anayang'ana sari yofiira, n'kugwira pamphumi mwaulemu. Kenako anayang'ana wotchi yake, anapatuka pang'ono n'kuimba foni. Tonse pabwalo tinamva.

"Bwana, wa chotupa uja palibe, wamwalira. Nditenge wa chifuwa yekha?"